Chigubu Chachikasu cha Ababa

Ndikukumbukira chigubu chachikasu chimene ababa anabwera nacho kuchokera ku esiteti, ndipo mpaka lero chimandipsetsa mtima. Ababa ankapopera mankhwala ophera tizilombo m'minda ya tiyi, ndipo chigubucho chinali cha mankhwala omwewo. Anachitsuka ndi mchenga ndi phulusa, n'kuchinunkhiza, n'kugamula kuti chayera. Ine kafungo konga ka palafini ndinkakamvabe. Amayi analetsa, koma ababa anali munthu woti akanena anena. Anayamba kunyamuliramo thobwa popita kuntchito.

Tsiku lina masana, nkhungu itangochoka m'mizere ya tiyi, anzawo anabwera atawanyamula. Thukuta linali litanyowetsa ovolosi yonse, dovu likungotuluka, minofu ya m'manja ikudumpha yokha ngati ya nkhuku yongozingidwa kumene. Akamapuma, pachifuwa pankamveka ngati madzi akuwira. Anthu a m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti, nawo aliyense anasanduka dokotala. Wina mkaka, wina mazira aawisi, wina makala osinja. Munthu akulephera kumeza malovu ake omwe, inu n'kumamuthira mkaka kukamwa? Amayi anachita kukankha anthu kuti ababa akwezedwe pa thirakitala.

Kuchipatala anawabaya majakisoni amitundu iwiri mobwerezabwereza, ine nditagwira chitenje cha amayi, ndikuopa kuti tibwerera ndi maliro. Adokotala anaona mantha athu.

"Mayi," anatero, "mitsempha ya muubongo ndi m'thupi sigundana ayi, pamakhala kampata. Uthenga ukaoloka, pali enzaimu imene imasesa pamenepo. Poizoniyu wamanga wosesayo, ndiye uthenga ukungounjikana, thupi likungogwira ntchito osaleka. Jakisoni woyambayu akutseka thupi makutu kuti lisamve phokosolo, winayu akumasula wosesa uja."

Ababa anachira. Tsiku lotuluka m'chipatala, asanakhale n'komwe pansi, anayamba kusuzumira kuseri kwa chitseko.

"Amake mwana, chigubu changa chija mwachiika pati?"

Amayi anangowalozera kudzala, kumene chinali chitang'ambidwa pakati ndi chikwanje. Munthu wochokera pakamwa pa imfa anatha masiku osatiyankhula chifukwa cha pulasitiki.

Masiku ano opopera ndimawaona atavala magolovesi ndi zotchinga kukamwa, ndipo ana asukulu amadziwa kuti chigubu cha poizoni sichiyera ndi phulusa. Amene sanasinthe ndi ababa okha. Akalamba tsopano, koma akakhala pakhonde amauzabe zidzukulu kuti chimene chinawapulumutsa ndi mkaka. Ine ndikamva zimenezo ndimangonyamuka kukasesa pabwalo, ngakhale pali posesa kale.