Mvula Itatitsekera ku Chiputo

Ndinaimba zaka zinayi m'konjuntu, gulu loimba ndi zida zamagetsi. Pa maulendo athu onse sindikumbukira kugona sabata yathunthu pamphasa imodzi, kupatula chaka chimene mvula inatitsekera kuseri kwa Chiputo.

Tinalipo asanu. Mwini gulu, amene tonse tinkangowatcha a Mestiri, anali bambo wa imvi za m'mbali, wosalankhulalankhula. Viyola, ndiyo gitala, anaiphunzira ku Zambia pa nthawi yothawa nkhondo, ndipo atabwerera ku Fingoe anagulitsa ng'ombe n'kugula jeradori yopangira magetsi ndi makoluna awiri akuluakulu otulutsa mawu. Panali wa ng'oma, munthu wosakhazikika ngati ine ndemwe, wa gitala ya besi, wa tekilado, ndiyo kiyibodi, ndi ine woimba ndi kuvina. Galimoto tinalibe. Tinkakwera kamiyau, lole ya katundu, iliyonse yolowera kumene taitanidwa, kaya yanyamula simenti, kaya chimanga, kaya mbuzi. Ndinaphunzira kuwodzera nditakhala pamwamba pa koluna, dzanja limodzi litagwira chingwe, ndipo ndinazolowera kufika pamalo nsidze zitafiira ndi fumbi, anthu n'kumafunsana ngati woimba uja ndi yemweyu.

Moyo umenewo ndinkaukonda, ndisaname. Ndikakhala pakhomo masiku atatu, khutu linkayamba kutchera kumsewu. Mwana wanga wamkazi ndinkamusiya kwa akulu anga ku Fingoe, a mana, amene anali ndi ana awo atatu ndi kabaraka kogulitsa mchere, shuga ndi sopo. Chaka chimenecho mwanayo anali atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi.

Kumayambiriro kwa Disembala tinaitanidwa ndi bambo wina amene ankatsegula chigayo m'mudzi wa kuseri kwa Chiputo. Ankafuna kuti midzi yonse yozungulira idziwe kuti chigayo chafika. A Mestiri anayang'ana kumwamba n'kunena kuti mvula idakali kutali. Tikaimba Loweruka, Lamulungu tibwerera ndi kamiyau yomweyo, kenaka tikonzekere za Khirisimasi ku Malowera. Kamiyau inatitsitsa Lachisanu n'kubwerera kutsidya kwa mtsinje kukatenga katundu wina. Mtsinjewo tinauwoloka pamchenga wouma, palibe amene anauyesa kanthu.

Loweruka tinayamba kuimba dzuwa litangopendeka. Anthu anabwera ambiri, ena pa njinga, amayi atasenza chimanga choti agayitse akatha kuvina. Tili pa nyimbo yachinayi mphepo inazula mpanda wa udzu umene tinamanga, ndipo madontho oyamba anagwera pa tekilado. Tinathamangira ndi zida zonse m'nyumba ya chigayo. Mvula inagwa tsiku lonselo, Lamulungu lonse, Lolemba inapumako pang'ono n'kuyambiranso. Woyendetsa kamiyau anatumiza mawu kudzera mwa munthu amene anasambira mtsinje, kuti sabwera mpaka msewu utauma.

Amuna anayi aja ankagona m'chigayo pamodzi ndi zida. Ine anandipereka kwa mayi wina wamasiye, mlamu wake wa mwini chigayo, wokhala yekha ndi nkhuku zake ndi mbuzi zitatu.

Chimene chinandivuta kwambiri n'chakuti mudzi wonse unali pa ntchito. Kukangocha, aliyense khasu paphewa, mbewu m'chitini, mudzi n'kutsala wa nkhuku ndi ife. Anthu omwe aja anativinira Loweruka ankatidutsa ndi moni wachangu, ngati wopereka kwa alendo amene achedwa kutsanzika. Ine ndinkapita kumtsinje katatu patsiku. Ndinazika kamtengo m'mphepete kuti ndiziona ngati madzi akutsika. M'mawa ndikapeza atsika chala chimodzi, madzulo kamtengo kamira. Wa ng'oma ankagogoda chilichonse chimene manja ake afikapo, chitini, chitseko, mgolo wa mafuta a chigayo, mpaka mwini chigayo anamupempha kuti aleke. Wa besi ndi wa tekilado anakumba maenje a ntchuwa pansi pa mtengo wa mango. Ankasewera n'kukangana, kumwaza miyala, pakapita kanthawi n'kuitolanso. A Mestiri okha ndiwo ankaoneka odekha. M'mawa uliwonse ankapukuta makoluna ndi kansalu, n'kuona ngati njerwa zimene anawasanjikapo zidakali zouma, kenaka n'kukhala pakhomo kuyang'ana mvula.

Tsiku lachitatu mayi wondisunga uja anandipeza ndikuzungulira nkhokwe yawo popanda chimene ndikufuna. Anandipatsa khasu, nati miyendo yoyabwa mankhwala ake ndi kumunda. Ndinakulira kumunda ine, kubzala ndimadziwa, koma mizere yanga inkakhota chifukwa maso anali kunjira. Ndikamva cholira ngati injini ndinkaimika khasu, ndipo nthawi zonse chinkakhala chigayo. Mayiwo sanandidzudzule. Ankangobwera pambuyo panga n'kumafotsera maenje amene ndawaiwala.

Foni inkagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi. Lachisanu a Mestiri analola kuti tiyatse jeradori pang'ono tidzaze moto m'mafoni, ndipo ine ndinakwera kaphiriko. Ndinapeza a mana atandisaka kasanu. Nditawaimbira sanandifunse n'komwe za moyo. Anati kusikola akulembetsa ana a kalasi yoyamba, kulembetsako kutsekedwa Lachisanu likubwerali, ndipo popanda sedula, pepala lake lobadwira, mwana salembedwa. Anali atafufuza nyumba yonse, m'sutikesi, m'Baibulo, pansi pa matiresi, osaipeza.

"Ili kwa iwe?"

Ndinati sindikudziwa. Koma ndinkadziwa. Miyezi ingapo m'mbuyomo chiswe chitalowa m'nyumba, ndinaitenga n'kuiika m'kapulasitiki pamodzi ndi mapepala anga, ndipo kuyambira pamenepo inkayenda nane m'thumba la zovala zovinira, ku Malowera, kumigodi ya golide, kulikonse.

"Ndinakukumbutsa usananyamuke," a mana anatero. "Unati uisiya patebulo."

Foni inaduka. Sindinaimbenso.

Nditatsika ndinawauza a Mestiri zonse. Anati sabata ndi yaitali, madzi atsika, kamiyau ibwera. Ndinawafunsa kuti nanga ikapanda kubwera. Anati nditumize pepalalo ndi munthu. Ndinafunsa khomo ndi khomo, koma panalibe wopita ku Fingoe nthawi yobzala. Ndinadikira Loweruka, ndinadikira Lamulungu. Kutchalitchi anatipempha kuti tiimbe nawo, ndinaimba pakamwa pokha. Lolemba m'mawa ndinapeza kamtengo kanga katakokoloka.

Wa ng'oma ndiye anandipeza kumtsinjeko. Anati ngati ndikupita wapansi andiperekeza, naye watopa n'kudikira. Titakawauza a Mestiri, sanakweze mawu.

"Mukapita awiri, ku Malowera ndikaimba ndi yani?"

"Tikakupezani komweko, Mestiri," ndinatero.

"Inu mayi ndakumvani, ndi za mwana. Koma uyu sabweranso."

Wa ng'oma anayang'ana pansi. A Mestiri anandipatsa jekete lawo la mvula n'kulowa m'chigayo. Sanatiperekeze.

Amuna awiri a m'mudzimo, odziwa pamene pali miyala, ndiwo anatiwolotsa. Sedula ndinaikulunga m'mapulasitiki awiri n'kuimangirira pamutu ndi duku. Madzi anafika m'chifuwa, ofiira, okoka miyendo ngati munthu. Pakati penipeni phazi linaterereka ndipo ndinamwa madzi, koma ondigwira sanandisiye. Nsapato imodzi inapita. Titafika kutsidya ndinayamba ndagwira pamutu, kenaka n'kukhala pansi kutsokomola.

Tinayenda tsiku lonse, ine wopanda nsapato. Msewu unali matope okhaokha. Tinadutsa kamiyau yathu ija itatitimira mpaka matayala osaoneka, woyendetsa atayanika zovala zake pamwamba. Wa ng'oma anandinyamulira thumba, ndipo masana, titakhala pamwala kudya mango amene mayi wondisunga anandimangira, anandiuza kuti a Mestiri sananame. Mbale wake anali kokumba golide kufupi ndi Fingoe ndipo anamuitana kalekale. Anati ng'oma wazimenya zaka zisanu ndi ziwiri koma alibe ngakhale njinga, ndipo mkazi amene ankamufuna anakwatiwa ndi wina iye ali pa kamiyau. Anandifunsa ngati ine sindinaganizepo zosiya. Ndinati ndikakhala panjira ndimaganiza tsiku lililonse, koma ndikafika pakhomo maganizowo amatha.

Tinagona kwa katekisita wina amene anatimvera chisoni. Lachiwiri tinayendanso, ndipo Lachitatu m'mawa tinapeza mota, njinga yamoto, pamalo pamene msewu unayamba kulimba. Inatinyamula tonse awiri. Wa ng'oma anatsikira pamphambano ya kumigodi, nandipatsa timitengo take tiwiri toimbira kuti ndikapereke kwa a Mestiri.

Ndinafika kwa a mana masana, mapazi atatupa. Mwana wanga ankasewera pakhonde. Anandiyang'ana, anamwetulira, n'kuthamangira m'nyumba akuitana kuti, "Mama, abwera amama a konjuntu." A mana anatenthetsa madzi a mchere kuti ndiviikemo mapazi. Za foni ija sanatchule.

Lachinayi tinapita atatu kusikola. Mzere unali wautali pansi pa mtengo, amayi aliyense ndi pepala m'manja, ena atalifunditsa ndi nsalu poopa madontho. Titafika patebulo, purofesora, mphunzitsi wolembetsa ana, analemba dzina la mwana kuchokera pa sedula, kenaka anafunsa dzina la womuyang'anira, amene aziitanidwa ku misonkhano kapena mwana akadwala. Ndinatsegula pakamwa. A mana anayang'ana kumbali, mwana atagwira kapulana yawo, chitenje chimene anavala. Purofesora anadikira, cholembera chili m'mwamba.

"Lembani akulu angawa," ndinatero. "Ine ndimayendayenda."

Analemba. Pobwerera a mana anandiuza kuti akanakonda ndikanatchula dzina langa, ngakhale monama, mwina likanandikhazika pansi. 

Ndinalumbira mumtima kuti ndikhala mpaka sikola itatsegulidwa, ndimuperekeze tsiku loyamba. Ndinamusokera yunifolomu, ndinathandiza pabaraka, ndinapalira munda wa a mana. Khirisimasi inadutsa. Ndinamva kuti anzanga anatuluka pa ngolo ya ng'ombe patapita masiku ena anayi, ndipo ku Malowera anaimba atatu, ng'oma zikuchokera m'tekilado, a Mestiri akuimba okha nyimbo zanga ndi mawu awo aakulu aja. Akuti anthu anavina ndithu. Zimenezo zinandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinayamba kupatsa anthu mchere atafuna shuga, ndipo ndikamva kamiyau ndinkatuluka panja ndi sopo m'manja, wogula ndamusiya pawindo.

Pakati pa Januwale wa besi anafika pakhomo pa njinga. Anati kuli ukwati kufupi ndi malire a Zambia, kamiyau inyamuka mawa lake, ndipo a Mestiri sanamutume koma sanamuletsenso. Sikola inali itatsala milungu iwiri. Ndinawauza a mana kuti ndi masiku anayi okha. Anangogwedeza mutu n'kupitiriza kuyeza mchere. Mwana anandifunsa ngati ndidzamubweretsere chikwama cha mabuku, ndinati inde.

A Mestiri ndinawapeza atakwera kale. Ndinawabwezera jekete n'kuwapatsa timitengo tija. Anatiika m'thumba la malaya osafunsa kanthu. Anali atapeza wa ng'oma wina, bambo wa kwaya ya kutchalitchi, amene anakhala atakumbatira ng'oma yaikulu ulendo wonse poopa kuti igwa. Tinayenda mtunda wautali. Kenaka a Mestiri anandiuza kuti nyimbo yachitatu aisintha poyambira, ndimvetsere bwino tikafika.

Ukwati uja unabala ulendo wina, ulendowo unabalanso wina. Ndinabwerera ku Fingoe sikola itatsegulidwa kale sabata ndi theka. Chikwama ndinagula, chofiira, cha kumalire. Ndinapeza a mana atamusokera kale china cha kapulana, ndipo mwana anali atachizolowera. Changa anachisunga kuti chikhale cha kutchalitchi.