Makina a Eustace

Mwamuna wanga Eustace anayendetsa minibasi pakati pa Petauke ndi Nyimba kwa zaka khumi ndi zinayi, koma anthu akamamukumbukira lero amangonena za zaka zinayi zomaliza, zimene anakhala pampando akusewera magemu pa TV. Amati munthu wamkulu ndevu pepeya, kumatha tsiku ndi zidole. Ndikamva zimenezo ndimafuna kuwagenda ndi chilichonse chimene chili m'manja mwanga.

Ine ndine Jennipher, mphunzitsi wa masamu. Kwathu ndi ku Monze, kwa Atonga, kuno ananditumiza ndi a boma. Eustace ndinadziwana naye tsiku limene ndinamukalipira kuchokera ku Nyimba mpaka ku Minga chifukwa anaika mbuzi ya munthu pansi pa mpando wanga. Iye ankangoseka pagalasi. Chaka chotsatira tinakwatirana.

Ngozi inachitika pamtsetse, tayala lakutsogolo litaphulika. Okwera onse anatuluka amoyo chifukwa iye sanasiye chiwongolero, koma msana wake unathyoka. Anabwera kuchokera kuchipatala pa njinga ya olumala, ndipo kwa miyezi itatu ankangoyang'ana khoma. Kenako mnzake wina wa ku Lusaka anamubweretsera makina a magemu ogwiritsidwa kale ntchito, mapadi awiri osewerera, ndi jumbo yodzaza zimbale za magemu.

Magemu othamangitsa galimoto anawakana tsiku lomwelo. A mpira anati ndi phokoso chabe. Amene anamugwira mtima ndi aja amene umakhala iwe mwini munthu wa m'nkhani: umamupangira nkhope, umamupatsa dzina ndi ntchito, kenako umayenda naye, ndipo zimene wasankha ndi zimene zimachitika. Sindinkadziwa kuti alipo ochuluka chonchi. Mwezi uno Eustace ndi msilikali wa lupanga wofunafuna mfumu yobedwa, mwezi winawo akuyendetsa chombo pakati pa nyenyezi ndipo akukangana ndi antchito ake ngati makondakitala. Anakhalapo wapolisi wofufuza milandu mumzinda wa mvula yosatha. Anakhalaponso mlimi wa mphonda, mpaka anakwatira mkazi wa mugemumo, ine ndinamunyanyala masiku awiri. Magemu ena ankawakonda chifukwa nkhondo yake ndi yodikirana, iwe umenye, mdani amenye, ngati nsolo. Ndikabwera kusukulu ankandiuza kumene wafika tsiku limenelo, monga ankachitira kale akachoka pamsewu.

Abale ake a ku Kaumbwe ankabwera mwa apo ndi apo. Mlongo wake wamkulu, a Anastazia, ankaima pakhomo manja m'chiuno n'kumati, "Koma Eustace, si ungapempheleko m'malo mwa ivi vidoli?" Kumutembenuza pabedi kapena kumusambitsa sanayesepo n'kamodzi komwe. Zimenezo zinali zanga.

Gemu yake yomaliza inali yaitali kuposa magemu onse. Anapanga mlenje wamkazi wa mano a mpata ndi nkhope yokwiya, n'kumutcha Jennipher. Zaka ziwiri anayenda naye m'mapiri ndi m'zipululu, anamumangira nyumba pafupi ndi mtsinje, anamupezera galu. Anandiphunzitsa kugwira padi, ndipo zala zanga zikasokonezeka ankandinena kuti ndine mphunzitsi wosaphunzitsika. Zonsezo zinkasungidwa m'kati mwa makinawo, osati pachimbale, ndipo pa intaneti sitinawalumikizepo. Atadwala impso mu Juni, tinali titafika pa mlatho womaliza. Kuchipatala anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mukamuolotse mlenje uja. Musamusiye pa mlatho. Patsala pang'ono chabe." Ndinamulonjeza, ndipo patapita masiku awiri anamwalira.

Maliro anali kumudzi. Abale anabwera ndi galimoto kudzatenga katundu wake yense kunyumba kwathu ku Petauke, chifukwa kwawo katundu wa malemu amatsukidwa ndi madzi a masamba asanagawidwe. Ndinamva kuti amatsuka, ndipo m'mutu mwanga munabwera zovala ndi mabulangeti. Makinawo ndinawakulunga ndekha m'thaulo kuti asagundike panjira. Ine ndi manja angawa.

M'mawa wa tsiku lachitatu anandikhazika pamphasa m'nyumba, chitenje kumutu, amayi awiri achikulire uku ndi uku. Anandiuza kuti wamasiye sayankhula mpaka katundu atagawidwa. Chitseko chinali chotsegula, choncho ndinkaona zonse pabwalo. Anachapa malaya, anachapa mabulangeti, anatsuka njinga yake mpaka matayala. Kenako a Anastazia anamasula thaulo lija.

"Ici ndiye cinali m'manja mwake zuba lonse," anatero kwa anzawo. "Cifunika kusuka bwino kupambana vonse. Letani sopo."

Ndinatsegula pakamwa. Mayi wa kumanzere kwanga ananditsina pantchafu mwamphamvu, n'kundinong'oneza kuti, "Khalani cete, amai. Mufuna akambe kuti mulilila katundu?"

Ndipo ndinakhala chete. Ine amene ndinathamangitsapo woyendera masukulu m'kalasi mwanga, ine amene Petauke yonse imadziwa pakamwa panga, ndinaopa kuti anthu a mudzi umene si wanga andinena kuti Mtonga uja akulirira katundu mwamuna wake asanazizire m'manda. Mawu anayi okha akanakwana kuwaletsa. Ndinangoyang'ana a Anastazia akumiza makinawo m'beseni. Mpweya unatuluka m'timabowo take, thovu bwibwibwi. Anawasiya kuti anyowe bwino, anawakwecha ndi burashi yochapira, anawatsukuluza kawiri, n'kuwayanika pathandala pamodzi ndi mbale. Dzuwa la ku Kaumbwe linachita mbali yake.

Masana amalume ake a Eustace, a Stanislaus, anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kugawa. Jekete kwa uyu, nsapato kwa uyo. Zimbale anazigawa chimodzichimodzi monga amagawira malaya, kuti aliyense akhale ndi chokumbukira. Chimbale cha chombo cha nyenyezi chija chinapita ku Nyampande kwa msuweni amene alibe ngakhale malaiti, ndipo ndamva kuti anachipachika kudimba kuti chiziopseza mbalame. Ine mtima unali utatupa kale moti zimenezo sizinandipwetekenso.

Pomaliza anandiitana. Ananditulutsa atandigwira mikono, n'kundikhazika pansi pamaso pa anthu onse.

"Apongozi," anatero a Stanislaus, "ise tinakhala pansi dzulo. Tidziwa mwamene munamusungila mwana wathu. Benangu akanathawa. Ici cinthu anali kucikonda maningi, ndipo benangu pano anali kucifuna, koma a Anastazia akana. Akuti cipite kwa mkazi wake, cifukwa ndiye anali kusewela naye."

A Anastazia anabweretsa okha makinawo, atawanyamula ndi manja awiri, maso ali ofiira ndi kulira. "Mulamu," anatero, "nasuka na mtima wanga wonse. Palibe cimene cizakuvutitsani usiku."

Ndikanakonda akanandilanda. Ndikanakonda akanakhala anthu oipa, olanda amasiye, kuti ndiwatukwane mpaka mawu andithere, ndipite nawo kukhoti, ndiwatchule maina pamsika. Koma anandipatsa mwaulemu, akulira. Makinawo ankanunkhira sopo, ndipo nditawapendeketsa madzi anadontha pachitenje changa. Ndinagwada, ndinaomba m'manja monga anandiphunzitsira, n'kunena kuti zikomo kwambiri.

Ndinawaika mumpunga sabata yathunthu kuti aume m'kati. Kenako ndinapita nawo kwa wokonza mafoni ndi ma TV pamsika wa Petauke. Anawatsegula, anayang'ana m'kati, anandiyang'ana ine, n'kufunsa ngati anagwera m'chitsime. Anati mbali imene imasunga zonse yadyeka ndi dzimbiri, ndipo ngakhale ku Lusaka palibe angaidzutse. Aphunzitsi anzanga akuti ndigule ena, chimbale chipezeka, ndiyambirenso. Ndiyambirenso chiyani? Mlenje amene ndingapange ine sadzakhala amene anapanga iye, ndipo nyumba ya kumtsinje ija sindidziwa n'komwe kuti anaimanga bwanji.

Lamlungu lapitali a Anastazia anandiimbira foni. Anafunsa za kusukulu, anafunsa ngati ndikudya. Kenako anati, "Nanga cija ca Eustace, mulamu, cisewenza bwino? Anali kukamba kuti pali kamlatho kamene munafunika kuoloka."

Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi.

"Cisewenza," ndinatero. "Tinaoloka."