Kabokosi Kopanda Waya ka Orval Tackett

Orval Tackett ndi mlamu wanga. Anakwatira mlongo wanga Nadine tonse tikugwira ntchito kufakitale ya nsalu kuno kumpoto kwa Alabama. Fakitale itatsekedwa, iye anapeza pothera mphamvu zake kuseri kwa tchalitchi chathu cha Baptist, pomwe panali chimakina cha gasi chimene chinkatifunditsa nyengo yozizira ndi kutiziziritsa nyengo yotentha. Palibe anamulemba ntchito. Tsiku lina anangopatsidwa makiyi a tchalitchi, iye n'kuwamangirira palamba ndi chingwe chachikopa. Mwana analibe. Udindo wina mumpingo analibe, chifukwa poimba ankasokoneza anzake ndipo popemphera pagulu ankachita chibwibwi. Ulemu wake wonse unali pamakiyiwo.

Ntchito ankaidziwa, pamenepo sindingamunamizire. Kutentha kusanayambe ankazimitsa magetsi, kumasula chivindikiro, n'kutsuka tizitsulo topyapyala ta m'mbali ndi paipi yamadzi, mofatsa, kuchokera mkati kupita kunja kuti litsiro lisalowerere. Ankatola masamba ndi udzu, n'kuthamangitsa nyerere zimene zimakonda kukafera pamawaya. Kuzizira kukayandikira ankagwada ndi tochi, kuchotsa zisa za mavu m'paipi yotulutsira utsi, kupaka madzi asopo polumikizira gasi kuti aone ngati pachita thovu, kenako ankayatsa n'kuyang'anitsitsa moto. Ukayaka wabuluu ankamwetulira. Ukayaka wachikasu sankadya tsiku limenelo. Sefa ya mpweya ankasintha isanade n'komwe. Nadine ankati, "Ine ndikanabadwa ndi fani pamutu ngati chimakinacho, bwenzi ndili mkazi wokondedwa kuposa onse m'boma lino."

Koma vuto silinali kuseri kwa tchalitchi. Linali mkati, pakhoma, pakabokosi kodina kuti kutenthe kapena kuzizire. Mayi Lurleen Gaskins, oimba limba, ankamva kuzizira ngakhale mu Julayi, mwezi wotentha kwambiri kuno. Mayi Opal Burdette, mkulu wa amayi, ankatuluka thukuta ngakhale pa Khirisimasi, kuzizira kuli pachimake. Lamulungu lililonse wina akakweza, mnzake ankadzuka pakati pa nyimbo kukatsitsa. Abale awo anayamba kukhala mbali zosiyana. Banja lina linasamukira kumpingo wa Methodist. M'busa wina anachoka akuti waitanidwa kwina, koma tonse tinkadziwa chimene chinamuitana.

Loweruka lina Orval anandiitana kuti ndikamugwirire makwerero. Anachotsa kabokosi kenikeni n'kukakabisa m'kachipinda kosungiramo mikanjo ya kwaya, kuseri kwa mikanjoyo. Pamalo pake anakhoma kena katsopano, ka mabatire, kowala manambala, kolira ukakadina.

"Alamu, waya mwaiwala," ndinamuuza.

"Sindinaiwale."

"Ndiye limeneli ndi bodza. M'nyumba ya Mulungu."

"Bodza limatuluka pakamwa, alamu. Ine ndangokhoma kanthu pakhoma."

"Wina akandifunsa, ndinena."

"Inuyo angakufunseni kanthu ndani? Nkhope yanuyo ngakhale agalu amawoloka msewu."

Ananena zoona. Palibe anandifunsa.

Mtendere unabwera, ndipo unakhalitsa zaka zambiri. Mayi Lurleen ankadina, kabokosi n'kulira, iwo n'kuvula juzi. "Eya, tsopano mwakhala ngati muli anthu muno." Mayi Opal ankadina mbali yawo, n'kuika pansi chokupizira. "Mwakamva kamphepoko, achemwali?" Aliyense ankapita kwawo akudziwa kuti wapambana ndi iye. Kunja chimakina chinkangoyenda mmene Orval anachitcherera m'mawa. M'busa Cagle, amene anatipeza tili kale pamtendere, analalikirapo kuti mpingo wathu ndi umboni wakuti pemphero limafewetsa mitima. Ine ndinayang'ana Orval. Iye ankayang'ana nsapato zake.

Chaka chatha Orval anaterereka pakhonde pake n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anakhalitsa kuchipatala ku Huntsville. Okutobala atafika, kuzizira kukuyandikira, nthawi yoyatsa moto, komiti ya mpingo inaitana munthu wa kampani ina ya m'tauni, bambo wamkulu ndithu, wosamala ntchito. Anatsuka, anayesa gasi, anasintha sefa. Kenako anatsegula kabokosi ka pakhoma n'kupeza kuti kuseri kwake kulibe waya. Anapukusa mutu, anakoka mawaya kuchokera kukachipinda kaja, n'kulumikiza bwinobwino kukabokosi ka pakhomako. Munthuyo anagwira ntchito yabwino, ndipo tsoka lonse linayambira pomwepo.

Pazaka zonsezi amayi awiriwa anali atazolowera kudina mpaka manambala kutha, popeza panalibe chowaletsa. Lamulungu lotsatira Mayi Lurleen atadina, moto unabweradi, ndi fungo la fumbi lopserera, mpaka M'busa anamasula tayi. Mayi Opal atadina, mphepo inatembenuza masamba a mabuku anyimbo. Kunja chimakina chinkabuula, kuyaka, kuzima, kuyakanso. Mayi Lurleen anati Mayi Opal akufuna kuwapha ndi chibayo. Mayi Opal anati Mayi Lurleen akukonzekeratu kumene adzapite akadzafa. Mabanja anabwerera kumbali zawo zakale ngati kuti anangochokako dzulo. Lamulungu lina chimakina chinangoti zii.

Anaitanitsa msonkhano tikaweruka mapemphero. Ena ankati makinawo akalamba, atayidwe. Ena ankati munthu wa kampani ndiye wawononga, dzina lake liyende m'mipingo yonse kuti asadzalembedwenso. Orval anali atatuluka m'chipatala, akuyenda ndi chitsulo chogwirira. Ndinamutenga pagalimoto yanga.

"Alamu, ndikanena andilanda makiyi," anatero tili panjira.

"Akulandani."

"Ndikapanda kunena, ataya makina abwinobwino, ndipo munthu uja amuipitsira dzina pachabe."

"Nanga mukufunsa chiyani?"

"Sindikufunsa. Ndimafuna ndimve ngati pakamwa panupo pangatuluke mawu okoma kamodzi ndisanafe."

Mumsonkhano anaimirira movutika. Chibwibwi chinamugwira, koma anafika kumapeto. Anati kabokosi kaja kanalibe waya kuyambira tsiku limene anakakhoma, kenikeni kanali kuseri kwa mikanjo, munthu wa kampani sanalakwe, makina alibe vuto loti n'kutayira, atopa chabe ndi kutumidwa ntchito ziwiri nthawi imodzi. Anapepesa. Ine ndinkayembekezera kuti amukalipira pomutcha wabodza, ndipo ndinkaona kuti n'zomuyenera.

Mayi Lurleen ndiwo anayamba kulankhula, mofatsa kwambiri.

"Achimwene a Orval, mukuti zaka zonsezi ine juzi ndimavulira chiyani? Thupili ndi langa. Ndikadina kumatentha. Ndimamva."

"Lero lokha ndigwirizana ndi achemwali," anatero Mayi Opal. "Ine ndikadina kamphepo kamafika pakhosi apa. Mukufuna kunena kuti ndine wamisala?"

"Iyayi, amayi, ine ndikungoti..."

Ndinaimirira. "Akunena zoona. Makwerero ndinagwira ndine."

"Inu khalani pansi, a Hoyt," anatero Mayi Opal. "Mlamu saikira umboni mlamu wake. Mumadya mbale imodzi."

Wina anakumbutsa kuti munthu wa kampani naye ananena kuti anapeza mulibe waya. Mayi Lurleen anati makoswe anadya wayayo a Orval ali kuchipatala, chifukwa iwo anaonapo khoswe pafupi ndi limba. Mutu uliwonse unagwedezeka kuvomera. Munthu wa kampani anapulumukira pamakoswe.

Ndiye Mayi Lurleen anatsitsa mawu. "Malemu amuna anga atachokera kuchipatala ankaona agologolo atavala zipewa pansi pa bedi. Ndi mankhwala aja amawapatsa. Amasokoneza mutu."

"Osauka," anatero Mayi Opal, akupukuta maso. "Munthu wabwino chonchi."

Orval anayesa kulankhulanso, koma chibwibwi chinakula, ndipo aliyense anachiona ngati umboni. M'busa Cagle anamugwira paphewa. "M'bale wathu watumikira mokwanira. Gasi si chinthu chosewera nacho. Munthu amene mutu sukuyenda bwino, tisamusenzetse katundu wotere. Apumule."

Povota kuti alandidwe makiyi, manja onse anakwera kupatula langa ndi la Nadine. Anagwirizananso kuti makinawo achotsedwe, akuti akalamba pamodzi ndi mwini wake. Chingwe cha makiyi chinakana kumasuka, mfundo yake inali itauma ndi zaka, mpaka M'busa anabwereka mpeni wanga n'kudula. Kenako anamuzungulira, anamusanjika manja, n'kupempherera nzeru zake kuti zibwerere.

Sabata imeneyo chakudya chinadzaza tebulo la Nadine: nkhuku yokazinga, mkate wachimanga, nyemba, keke yamapichesi. Mayi Lurleen ndi Mayi Opal anabwera pagalimoto imodzi, chinthu chimene palibe anachionapo. Ankalankhula naye mokweza, pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi khanda.

"Mukundidziwa ine, achimwene?" anafunsa Mayi Lurleen.

"Ndikukudziwani. Ndinu amene mumadina kabokosi kopanda waya."

Amayi awiriwo anayang'anana mwachisoni. "Sizinasinthe," ananong'ona Mayi Opal.

Atachoka ndinakhala naye pakhonde. Dzanja lake linkangopita palamba, n'kubwerera. Ndinamuuza kuti wachita bwino, kuti choonadi ndi choonadi ngakhale anthu achikane. Anatenga chitsulo chake choyendera, n'kulowa m'nyumba. Sanandilankhule mpaka Khirisimasi.