Mayi Verna Tackett ndi Chitseko cha Betaniya

"Ndiye boma lizidzanunkhiza m'makabati mwathu?" anakalipa dikoni wathu, Bambo Orville Combs. "Nyumba ya Betaniya ndi ya Yesu, si ya aphungu!"

"Khalani pansi, Mbale Orville, mungaphulike," anatero Mayi Verna Tackett. "Yesuyo anakuuzani liti kuti amaopa oyendera? Kodi mwana wanu Charlene ali bwanji?"

"Ali pantchito ku Ohio," anayankha msangamsanga, osawayang'ana.

Aka kanali komaliza kuwaona Mayi Verna ataimirira mu mpingo. Mkangano unali wa lamulo latsopano la aphungu a ku likulu: nyumba iliyonse yothandiza anthu kusiya mankhwala ozunguza bongo iziyenderedwa, ndipo isamabweze munthu amene akumwa mankhwala a dokotala oziziritsa chibaba. Nyumba yokana, boma lisiya kuithandiza. Popanda thandizolo Betaniya ikanatsekedwa chisanu chisanagwe.

Mayi Verna anabadwira kumtunda kwa chigwa chino, bambo awo ali okumba malasha. Akuti ali mtsikana ankati akayamba kuimba m'kwaya, anyamata ankaiwala mavesi. Ndikanakonda kulemba za Bambo Dewey, amene ankawathyolera maluwa a m'mbali mwa njanji manja ali bii, koma abusa andipatsa tsamba limodzi lokha m'kalata ya mpingo. Anakwatirana, fumbi la mumgodi linadya mapapo a Bambo Dewey, ndipo Mayi Verna analera mwana wawo Lonnie ndi ntchito yophika kusukulu.

Lonnie anavulala msana mumgodi. Anayamba ndi mapilitsi a ululu, mapilitsiwo anamutenga. Atamuika m'manda, mayi ake anapereka nyumba yawo ku mpingo, iwo n'kusamukira m'kachipinda kakuseri. Iyi ndiyo Betaniya.

Mwambo wa pakhomopo anauyambitsa okha. Wobwera aliyense ankagwada pachitseko, kumupempherera, kenako pilitsi lililonse la m'thumba mwake kulitaya m'chimbudzi. Ambiri anachira, tisaiwale. Koma kunabwera mtsikana wina, Rhonda, ndi mankhwala a kuchipatala amene ankamugwira kuti asabwerere ku zakale. Mayi Verna anawataya ngati ena onse. Rhonda ananjenjemera, anasanza, anathawa. Anamupeza kuseri kwa malo omwetsera mafuta atazizira kale.

Kuchokera pamenepo Mayi Verna ankakonda kunena kuti, "Mwana uja ndinamupempherera bwino, koma ndinamutayira mankhwala." Lamulo lija likukambidwa, anakwera basi ya mpingo mpaka ku likulu n'kukanena zomwezo pamaso pa aphungu, chipewa cha Lamulungu chili kumutu. Atabwerako, ena anasiya kukhala nawo benchi imodzi. Sanadandaule. Ankawapititsirabe chakudya akadwala.

Tsiku la mkangano lija mpingo unabalalika osamanga mfundo, nthawi yoyankha boma ikutha. Mayi Verna anagona ndi khansa imene ankaibisa. Anamwalira masana ena masamba akuyoyoka, zenera lili lotsegula, atsikana a ku Betaniya akuwaimbira chapansipansi. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wamva galimoto ya wokondedwa wake ikuima pabwalo.

Titaika maliro tinakhala m'chipinda chapansi pa tchalitchi, tikudya nyemba ndi buledi wa chimanga. Bambo Orville anagogoda kapu ndi supuni. Mtsikana wina wa ku Betaniya anandigwira dzanja mpaka kupweteka. Tonse tinkadziwa kuti wowaletsa kukana lamulo lija wapita.

"Charlene sali ku Ohio," anatero Bambo Orville. "Ali kwathu, m'chipinda chakuseri, makatani otseka. Amamwa mankhwala aja, n'chifukwa chake akadali moyo. Mlongo Verna ankadziwa. Ndi amene ankapita naye kuchipatala, ine ndikuwatukwana muno. Sanandiyalutse."

Anapukuta kumaso ndi chipewa, n'kutembenukira kwa abusa.

"Auzeni a boma abwere adzayendere, anunkhize paliponse. Ine ndikufuna bedi limodzi, la mwana wanga."