Tsiku Limene Achimwene Sanaime pa Nathenje

Loweruka, 9 Ogasiti. Ndikulemba nditakhala kuseri kwa nkhokwe, kwathu kuno ku Mitundu. Amayi apita kuchigayo. Ndinafika dzana kuchokera ku Blantyre, koma mpaka pano sindinawayang'ane m'maso.

Ndinachoka kuno mu Epulo. Achimwene anga a Fanuwelo atalembedwa ntchito yoyendetsa thiraki pa kampani ina yaikulu yonyamula katundu, anati ndipite nawo, ndizikasunga nyumba iwo akakhala pa ulendo, ndipo azikandilipirira sukulu. Amayi anandifunsa ngati ndikufuna. Ndinangogwedeza mutu. Chimene ndinkaganiza ine ndi magetsi, kuti ndizikawerenga osatsinzinira utsi wa koloboyi.

Nyumba yake inali ya chipinda chimodzi, ku Bangwe. Achimwene ankachoka masiku anayi, nthawi zina sabata yathunthu. Ankandisiyira ndalama ya ndiwo ndi makala, ndipo ikatha msanga ndinkamwa phala osawauza. Kusukulu anzanga ankaseka kalankhulidwe kanga, ndiye ndinasiya kukweza mkono. Ndikaweruka ndinkadzitsekera m'nyumba n'kumamvera ana a eni ake akusewera panja. Masiku ena mawu anga oyamba kutuluka pakamwa anali "halo", Amayi akaimba madzulo.

Malamulo a kuntchito kwawo achimwene anandifotokozera okha, akupukuta nsapato. "Miyezi itatu yoyambayi ndili pa mayeso, Eli. Pambali panga pamakhala dalaivala wamkulu, a Mbewe, ndipo madala amene aja sasekerera. M'galimotomo muli kachipangizo, ukangoima pamalo osaloledwa, ku ofesi aona kale. Ngakhale kutaya madzi umachita kupempha." Ndinaseka. Ndinamva bwinobwino. Sindinganame kuti sindinkadziwa.

Koma Amayi funso lawo linali limodzi tsiku ndi tsiku: "Nanga mwana wangayo ndidzamuona liti ali pachiwongolero?" Lamulungu lina mu Juni ndinawauza kuti Lachiwiri adutsa pa Nathenje cha m'ma teni koloko, popita ku Kanengo.

"Adzaima?"

Mawu awo anakwera ngati a kamtsikana. Ndinati eee, anena kuti adzaima. Ndinawonjezeranso kuti anditengereko mfutso ndi mtedza. Tinacheza mpaka mayunitsi anatha, ndipo kwa nthawi yoyamba ku Bangwe ndinadya n'kukhuta. Ndinkati ndiwauza achimwene Lolemba. Lolemba ndinachita mantha. Kenako ndinadzinamiza kuti akangowaona aima basi, mayi ndi mayi.

Achimwene anabwerako Lachisanu. Analowa osavula nsapato.

"Amayi anali pamsewu pa Nathenje. Avala chitenje chawo cha kutchalitchi, dengu lili pamutu. Anandiona, Eli. Anathamanga."

"Ndiye munatani?"

"Ndinaliza hutala. A Mbewe anati, 'Mayi ameneyo ndani, akufuna kutiphetsa?' Ndinati sindikuwadziwa." Anakhala pansi n'kugwira kumutu. "Anawauza ndani kuti ndidutsa?"

Ndinati kaya, mwina anangopita kukaona Amayi aang'ono, amene amagulitsa pamsewu pomwepo. Anandikhulupirira. Ine ndinali ndisanawanamizepo chibadwire, ndiye akanandikayikira bwanji?

Kuyambira pamenepo Amayi sayankha foni ya achimwene. Ndalama akatumiza amalandira, n'kundiuza ine kuti ndiwathokozere. Achimwene anaimba sabata ziwiri, kenako anasiya. Mayeso aja anakhoza, tsopano akuyenda okha mpaka ku Beira, koma tsiku limene anawapatsa makiyi anangobwera ndi buledi, kuika patebulo, n'kukagona dzuwa likadalipo.

Dzana nditatsika basi pa Nathenje, Amayi aang'ono, amene amagulitsa tomato pamsewupo, anandikokera kuseri kwa benchi yawo.

"Iwe Elinati, mchimwene wako uja ndi munthu? Mayi ako anafika pano sikisi koloko m'mawa, pa njinga yamoto, atanyamula ndi tambala yemwe. Chigalimoto chija chitadutsa anaima apo, fumbi lili mbuu kumaso, akuti mwina akukatembenuka kutsogoloko. Mpaka dzuwa kupendeka! Ndinachita kuwakoka."

Katundu yense Amayi anamusiya kwa Amayi aang'onowo, kuopa kubwerera naye kumudzi anthu akuona. Ndinapatsidwa mfutso wanga uja, uli chimangire m'pepala la shuga. Ndauika pansi pa zovala. Sindingathe kuudya.

Pobwera m'njira ndinkaganiza kuti ndikapeza mudzi wonse ukuwanyoza achimwene. Si zimene ndapeza. Dzulo a Nabanda, oyandikana nafe, anabwera kudzandilonjera akuseka. "Tinamva ife! Akuti Fanuwelo anaimitsa chigalimoto cha matayala osawerengeka, n'kuwakweza mayi ake kutsogolo, eti?"

Ndinayang'ana Amayi. Ankapeta nyemba, osatukula mutu.

"Anandikweza," anatero. "Mpando wake wofewa kuposa matiresi. Ukakhala pamenepo anthu umawaona ngati nkhuku."

A Nabanda anaomba m'manja, nkhani inapita kwina. Atachoka, Amayi anapitiriza kupeta nyemba zoyera kale. Patapita nthawi analankhula motsitsa, ngati akuuza lichero.

"Akanangonena kuti sindidzaima, ine sindikanavuta. Ntchito ndi ntchito. Koma kuchita kulonjeza, mwana wobereka ndekha."

Pamenepo ndi pamene ndikanayankhula. Ndinanyamuka n'kukatunga madzi, mtsuko uli wodzaza.

Miyezi iwiri Amayi akhala akunamiza mudzi kuti dzina la mwana wawo lisade, ululu n'kumaumeza okha. Achimwene akudziona ngati munthu wokana mayi ake. Onse awiri akuvutika ndi mawu amene sanatuluke pakamwa pa aliyense wa iwo. Ine ndekha ndi amene ndakhala ndikudziteteza, ndipo onsewo akundiyesabe mwana wabwino, wofatsa.

Mawa pochokera kutchalitchi tidzera njira ya kudimba, kumene timakhala awiriwiri. Ndiwauza pamenepo kuti achimwene sanalonjeze kanthu, ndinalonjeza ndine. Akakalipa, akalipe, akati ndisabwererenso ku Blantyre, ndikhala. Lamulungu lino achimwene sali pa ulendo. Ndiimba foni ndekha, ndiwauza iwonso Amayi akumva, kenako ndiwapatsira Amayi foniyo m'manja.