Sadaka ya a Yusufu

Ndikukumbukira tsiku limene amalume a Saidi anabwera kwathu atavala mkanjo woyera, chonsecho silinali Lachisanu. Amalume akavala mkanjo pakati pa sabata, ngakhale nkhuku zinkadziwa kuti kuli mlandu. Nthawi imeneyo ndinali Sitandade 3, ndipo tinkakhala m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja, ukangopitirira Makokola ngati ukulowera ku Monkey Bay. Mudziwo unali wa kwawo kwa amayi. Ababa anali mkamwini, kwawo kunali kutsidya, ku Makanjira. Ine ndinali kuseri kwa thandala loyanikapo nsomba ndikutembenuza usipa wa amayi padzuwa, choncho mawu onse ndinawamva.

"Alamu, ife tapirira mokwanira. Ramazani ikatha muli chimodzimodzi, mupinde mkeka wanu muwoloke. Ana ndi athu, atsala."

Ababa anangoweramitsa mutu n'kumayang'ana zala zawo, zimene zinkanjenjemera ngati masamba a mgwalangwa kukamawomba mphepo.

Ababa, Che Twaibu, sanali choncho kuyambira kale. Anali siginala, munthu uja amatsogola m'kabwato ndi nyali n'kumauza anzake pamene pali usipa kuti aponye chilimira. Eni maboti ankawalimbirana. Ankayenda ndi mng'ono wawo, bambo aang'ono a Yusufu, munthu wanthabwala amene ankandinyamula pakhosi n'kumanditchula kuti abwana. Nyengo ina ya mwera boti lawo linagubuduka. Ababa anapulumuka atakakamira chigubu, koma a Yusufu sanaoneke, ngakhale mtembo womwe. Kuchokera pamenepo ababa sanapondenso m'boti, ndipo dzina la a Yusufu linasiya kutchulidwa pakhomo pathu. Palibe anatiletsa. Tinangoona kuti munthu akalitchula, ababa ankadzuka n'kuchoka, osabwera mpaka mawa.

Kenako kunabwera kachasu. Kwathu kuno Msilamu kumwa mowa ndi manyazi a mtundu wonse. Anasiya kupita ku mzikiti, nyali zija anagulitsa imodziimodzi. Sankamenya munthu, ayi, ankangokhala kuseri kwa nyumba atafulatira nyanja. Amuna a pamudzi pathu ankadyera pamodzi pamkeka wa kwa amalume, mbale imodzi, koma ababa chakudya chawo ndinkawaperekera ine kuseri komweko, ndipo nthawi zambiri ndinkabwerera nacho chitazizira. Fungo lawo ndimalikumbukirabe, lowawasa ngati mango ovundira m'thumba.

Anthu anayesetsa ndithu. Amayi anakalipa mpaka mawu kusasa. Ashehe anabwera kudzawalangiza. Mayi wina anabweretsa mankhwala a kwa sing'anga oti tiziwathirira m'phala mobisa. Ababa anasanza tsiku lonse, atamaliza anati m'mimba mwavuta, akufuna kakumwa kokhazikitsa m'mimbamo. Aliyense ankalimbana ndi botolo, ndipo botolo linkapambana.

Chimene chinatifikitsa kuchipatala sichinali mowa ayi, linali phazi. Anaponda botolo losweka, balalo linatupa n'kuyamba kununkha. Amayi anali atakwiya, komanso anali ndi usipa woti akagulitse, ndiye anati, "Mariamu, aperekeze bambo akowo, ine ndatopa." Tinanyamuka m'mawa, iwo dzanja lina paphewa panga, lina atagwira nkhafi yakale ngati ndodo. Mchenga unkatentha, ntchentche zikutitsatira ngati tanyamula nsomba.

Namwino amene tinamupeza anali Mayi Kumwenda, Mkhristu wochokera ku Mzimba, wamfupi, wojintcha, wa mawu aakulu. Ankakonda kupereka moni m'Chiyao, koma ankachipotoza moti azimayi a pabenchi ankagwira m'mimba ndi phwete, iyenso n'kumaseka nawo. Atatilowetsa anaika phazi la ababa m'beseni la madzi ofunda, n'kuyamba kulitsuka akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi kwawo. Fungo la mowa analimva, sakanalephera. Ine ndinakonzeka kumva zimene ndinazolowera, zoti bambo wamkulu ngati inu mulibe manyazi.

Koma anafunsa zina. Anafunsa kuti dzulo adya chiyani. Anafunsa ngati amagona, ndiponso kuti manjawo anayamba liti kunjenjemera. Anafunsa kuti amadya ndi ndani. Ababa ankayankha mawu amodziamodzi, maso ali m'beseni. Kenako, osasiya kutsuka, anati, "Che Twaibu, musanayambe kumwa munataya ndani?"

Ine ndinkadziwa kuti mwana salowerera nkhani za akulu, koma ndinaona kuti funso la namwinoyo likhala lopanda yankho, ndipo kusukulu anatiphunzitsa kuti wamkulu akafunsa uziyankha. Ndiye ndinati, "Bambo aang'ono a Yusufu."

Ndinaganiza kuti ababa adzuka n'kuchoka monga mwa nthawi zonse, koma phazi lawo linali m'manja mwa munthu. Ndinangoona misozi ikugwera m'madzi a m'beseni muja. Mayi Kumwenda sanati pepani, sanati limbani mtima. Anapitiriza kutsuka pang'onopang'ono, ngati balalo silikutha kuyera.

"Maliro munalira?"

"Mtembo sunapezeke."

"Nanga sadaka?"

Ababa anapukusa mutu. "Ndikanaitana ndani, mayi? Mphepo ndinaiona ine. Ndine ndinati tiyeni, ilekeza."

Atamanga bandeji anati, "Phazili lipola msanga. Koma munthu sapola phazi lokha."

Anawagoneka m'chipatalamo masiku angapo. Anatifotokozera kuti munthu amene wamwa kwambiri kwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi payekha, thupi limatha kukwiya, mwina kukomoka kapena kuona zinthu zoti palibe, ndiye ayenera kusiyira pamaso pa achipatala. Ankawapatsa mankhwala ndi phala la nsinjiro, n'kuima pomwepo mpaka mbale iyere. Atatuluka, namwinoyo anabwera kwathu panjinga yake yolira ngati mbuzi. Amayi anayamba kuwerenga milandu ya ababa, koma iye atamvetsera mpaka kumapeto anafunsa kuti, "Nanga inu, mai a Mariamu, mukugona?" Amayi anatsegula pakamwa, kenako anadziphimba kumaso ndi chitenje. Nthawi yonseyo panalibe amene anawafunsapo zimenezo.

Kuseri kwa chipatala kunali mtengo wa mango, ndipo pansi pake Mayi Kumwenda ankaikapo bawo Lachitatu masana. Nzeru imeneyo ndinaimvetsa nditakula. Palibe mwamuna wa kwathu anganene kuti ndikupita ku msonkhano wa anthu ovutika ndi mowa, koma kupita ku bawo aliyense amanena mutu uli m'mwamba. Kumeneko kunkabwera msilikali wina wopuma, mphunzitsi, ndi a Zuze amene makolo awo anathawa nkhondo ku Mozambiki. Ankasewera, nkhani n'kumatuluka zokha pakati pa kugogoda kwa nkhomo. Namwinoyo bawo sankalidziwa n'komwe. Akakhala pansi kuti ayese, ankamudya zonse asanapume, iye n'kumati amubera. A Zuze ndi amene anawapezera ababa ntchito yosoka maukonde pamtunda, kwa mwini boti wina. Poyamba ulusi unkawapulumuka, koma m'kupita kwa masabata zala zija zinakhazikika. Mayi Kumwenda ankati manja osowa chogwira amakagwira botolo.

Tinayamba kupuma. Koma Ramazani itatsala pang'ono, kunawomba mphepo yaikulu tsiku lonse, mafunde akumenya gombe moti tinkawamva tili m'kalasi. Pobwera kusukulu ndinawapeza ababa kuseri kwa nyumba, atafulatira nyanja, fungo lija litabwerera. Amalume anaima pabwalo n'kunena kwa amayi kuti, "Waona, mlongo? Nanga tidikirirenji mwezi?"

Mayi Kumwenda atamva, sanapite kwa ababa. Anakwera njinga yake kulunjika kwa amalume, ndipo ine ndinali pomwepo chifukwa anandituma kukawaitana kudimba. Anagwada mwaulemu ngakhale mawondo ankamuvuta.

"Che Saidi, ine za chipembedzo chanu sindizidziwa bwino, mundikonze ndikalakwa. Koma alamu anuwa anyamula mtembo okha kuyambira tsiku lija. Sanauike, sanaulire, palibe anawagwirira mbali ina. Mapiritsi a zimenezo kuchipatala kulibe. Ali kwa inu."

Amalume anakanda ndevu nthawi yaitali. "Mayi inu, boma linakutumizani kuno ngati namwino kapena nkhoswe?"

"Malipiro ndi a namwino," anatero iye, "unkhoswewu ndi basela."

Amalume anaseka osafuna. Madzulo ake anapita kwa ashehe, ndipo ashehe anati dua, pemphero lathu lija, imamufika munthu kulikonse kumene wagona, kaya m'dothi kaya m'madzi, pakuti Mulungu sasochera. Amalume omwe aja, amene ankanena za kupinda mkeka, anatulutsa mpunga wa m'munda mwawo ndi mbuzi imodzi, n'kutumiza uthenga ku Makanjira.

Sadakayo inachitika mwezi wa Ramazani usanaoneke. Kutacha pabwalo panali utsi, miphika ikuluikulu yobwereka itandandalikidwa pamafuwa, fungo la mpunga watsopano ndi anyezi likufika mpaka kumsewu. Ife ana tinkathamanga ndi zidebe za madzi, tikumanyambita zala pobisalira. Achibale a ababa anafika paboti. Ababa anali asanaonane nawo chichitikire ngozi ija, poganiza kuti amawada. Atawaona akutsika anafuna kuzemba, koma azakhali, mlongo wawo wamkulu, anawagwira mkono.

"Twaibu, nyanja inatilanda mmodzi. Wachiwiriyo unatimana ndiwe."

Analira onse awiri pamchenga pomwepo, anthu akuona, ndipo palibe anawaletsa. Amuna atakhala pamikeka, ashehe asanayambe dua, anafunsa monga mwa mwambo kuti tikupempherera ndani. Onse ankadziwa, koma anadikira. Ababa ananena mokweza, "Yusufu, mng'ono wanga."

Mpunga utabwera, ababa anayamba kudzuka mwachizolowezi kuti apite kuseri. Amalume anawakankhira beseni la madzi. "Alamu, sambani m'manja. Mbale ndi iyi." Anadya pamodzi. Mayi Kumwenda anali kwa azimayi, atafunda mpango umene unkangotsetsereka, akudya mpunga ngati wabadwira konkuno n'kumafunsa dzina la chilichonse m'Chiyao kuti anthu apeze choseka.

Ramazani imeneyo ababa anamanga, kusala kudya mwezi wonse. M'mawa wa Idi ndinaona amalume akubwera atavala mkanjo woyera uja, ndipo ndinakumbukira kuti nthawi imene anapereka inali itakwana. Anaima pakhomo n'kuodira. Pamkono anali atakoleka mkanjo wina, wosita bwino. "Alamu, fulumirani, tichedwa ku swala ku mzikiti." Za mkeka sizinatchulidwenso.

Sindinganame kuti zonse zinathera pomwepo. M'zaka zotsatira ababa anagwako kangapo, makamaka nyengo ya mwera, koma tsopano akagwa panali anthu owadzutsa, ndipo Lachitatu ankapita ku bawo. M'boti sanakwerenso, anakhala wosoka maukonde mpaka lero. Mayi Kumwenda anawasamutsira ku boma lina ine ndisanamalize pulayimale, ndipo sindidziwa ngati akadali moyo. Ndimangodziwa kuti anandisiyira bambo.

Masiku ano zinthu zasintha. Mowa sukubisikanso kuseri kwa nyumba, uli m'timabotolo tolowa m'thumba la kabudula, ndipo amene akumwa ndi anyamata oti ndevu sizinamere. Pawailesi amakamba za matenda a maganizo, zimene kale tinkangoti misala kapena kulodzedwa, ndipo zimenezo n'zabwino. Komabe anthufe tikadali achangu kukalipira botolo, kufunsa munthu ngati wadya kapena wataya ndani timachedwa. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mwana wanga akayamba kuvuta ndimayamba ndamufunsa ngati wadya, ngati anagona bwino, ndiponso chimene chamupweteka. Nthawi zambiri ndodo imakhala yosafunikanso.

Nditabereka mwana woyamba, wamwamuna, ababa anapempha kuti dzina apereke iwo. Pano mwanayo ali ndi zaka zoti sakhala pansi, ndipo amakonda kukasokoneza agogo ake pamene akusoka ukonde. Ndikakhala pathandala ndimamva mawu awo akuchokera kugombe, amphamvu ngati a siginala wakale uja: "Yusufu! Iwe Yusufu, siya ulusiwo!" Amalitchula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kutentha, mudzi wonse ukumva, nkhope atalozetsa kunyanja.