Kapitawo Wofunsa za M'thupi

M'chaka cha 2009 ndinali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Ndinkakhala ku komboni ya George, ndipo ntchito yanga inali yonyamula matumba a simenti pa depoti ina ya kumafakitale. Ana atatu anali pasukulu. Zonse zinali pamsana wangawu.

Kapitawo wathu wakale anali wolalata. Ankatukwana mpaka amene anakubala, koma unkadziwa pamene waima. Amene analowa m'malo mwake sanakwezepo mawu. Anali mnyamata wobadwira m'tauni, wa malaya oyera, wopemphera. M'mawa tikafola pamzere ankayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, kenaka n'kuima pa munthu mmodzi.

"Ba mudala, mwauka bwanji? Nanga msana uja?"

Woyamba kufunsidwa anayankha zoona, monga tinaleredwera kwathu kum'mawa. Anati msana ukum'pweteka. Kapitawo anam'gwira paphewa.

"Thupi ni limodzi, atate. Kapumuleni, tizakuitanani."

Sanamuitanenso. M'mawa mwake pamalo pake panaima mnyamata wa kutchalitchi kwa kapitawo. Wachiwiri anapita ndi chifuwa, wachitatu ndi bondo. Aliyense ankatuluka pageti akuthokoza.

Apa tinaphunzira. Depoti ya fumbi lonse lija inasanduka malo opanda wodwala. Chifuwa tinkakatsokomolera kuseri kwa lole, chipewa chili kukamwa. Nthawi zina kapitawo ankakukokera pambali, n'kunong'ona: "Mnzanu uja ayenda monga atsimphina, kapena ni maso anga?" Ukavomera wam'gulitsa mnzako, ukakana wasanduka wabodza. Tinaleka kudyera pamodzi. Aliyense ankatafuna mabanzi ake atayang'ana kukhoma.

Ine mutu unayamba kugunda cha kunkhongo. Ndikawerama, maso ankachita mdima. Mayi a kunyumba anati ndipite kukiliniki akandipime magazi. Ndinakana. Mzere wa kukiliniki umadya m'mawa wonse, ndipo wosowa m'mawa ankafunsidwa mwachikondi tsiku lotsatira.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nsapato za kapitawo zinaima patsogolo panga.

"Atate anga, maso afiira. Muli bwino?"

"Ndili bwino."

"Zoona?"

"Ndanena."

Anamwetulira, n'kutembenukira kwa achinyamata. "Mwaona? Aba ndiye amuna. Imwe muli chabe ma biscuit. Mudala, baonetseni." Analoza lole yodzaza, n'kundipatsa munthu mmodzi yekha wonditwika. Iye anakakhala pamthunzi, akundiwombera m'manja.

Ndinanyamula. Sindinapemphe madzi. Dzuwa lili paliwombo, thumba linatsetsereka lokha. Ndinati ndilitole, dzanja lamanzere silinandimvere. Ndinati ndiitane munthu, mawu anatuluka ngati a woledzera. Anzanga anaima patali, aliyense akuyamba wayang'ana kwa kapitawo.

Kuchipatala kapitawo anabwera atanyamula malalanje. Anagwada pambali pa bedi, napemphera mokweza. Pomaliza anauza mayi a kunyumba kuti: "Nenze kubafunsa, amayi. Benze kukamba ati bali bwino." Sananame. Ndiye chimene chimandiwawa.

Zimene zinapita ndi izi. Dzanja limodzi. Mbali imodzi ya kamwa. Ntchito. Sukulu ya ana awiri, wachitatu anamaliza ndi ndalama za tomato amene amake ankagulitsa. Amuna amene ndinkadya nawo mbale imodzi, palibe anapondako kwanga. Ndiponso moni. Mpaka lero munthu akandifunsa mokoma kuti ndadzuka bwanji, ndimayankha kuti ndili bwino.